Kalavani Yomatidwa ndi Tepi

Gulu la pa foni: Banja la Oyarzo

LACHINAYI

Papa Eliseo, 15:12: [chithunzi]

Papa Eliseo, 15:12: taonani bedi la mayi anu. mutha kudzalapo mbatata

Marilina, 15:20: papa fumbi lonseli?? lalowera pati

Papa Eliseo, 15:21: ulifunse fumbilo. mawindo otseka, chitseko chotseka. makilomita 40 okha a mseu wa miyala koma mu kalavani muli ngati tapetamo simenti

Fabián, 15:23: kkkk takulandirani ku moyo wa ufulu madala

Marilina, 15:23: sizoseketsa fabi. mama ali bwnj ndi mphumu yawo ija

Papa Eliseo, 15:26: akutsokomola pang'ono. apopera kawiri kamankhwala kawo. ali panja pa mpando

Marilina, 15:26: kawiri

Marilina, 15:28: ndinanena ine. kuchoka kwanu ku comodoro kufika kuno ku río gallegos phula lilipo, tsiku limodzi mwafika. koma ayi, tizungulire ku mseu wa ruta 40 tikaone mapiri, nyumba tikukoka kumbuyo ngati nkhono. ubatizo wa mdzukulu wanu ciro ndi lamulungu papa

Papa Eliseo, 15:30: lamulungu udzatipeza pa benchi yakutsogolo. zaka 34 ndakhala ndikununkha mafuta ku zitsime, ndife ndisanaone dziko langa?

Papa Eliseo, 15:34: [uthenga wa mawu, 1:14] «Tamverani ana inu. Chinthu ichi pokugulitsa amakuonetsa chithunzi, chili phee m'mbali mwa mtsinje, mayi wina akumwetulira pawindo. Sakuuza kuti mphepo ikachimenya m'nthiti chimadzandira kumbuyoko ngati chidakwa, iwe manja ali gwa pa chiwongolero. Thiraki ikamakupitirira umangoti Ambuye ndilandireni. Sakuuzanso kuti pikapu imayamba kumwa dizilo ngati ili pa ukwati. Lero polowa pa malo ogona ano a ku Gregores ndabwerera m'mbuyo kasanu ndi kawiri. Ndikakhotera kumanja icho chikupita kumanzere. Mayi anu akukuwa, bwera, bwera, bwera! Ndangomva khuu, ndagwetsa mpopi wa eni ake. Anthu amawotcha nyama apo, asiya nyama pamoto kubwera kudzaonerera. Wina mpaka kundiwombera m'manja, galu ameneyo.»

Fabián, 15:36: ndafa ine kkkkk

Papa Eliseo, 15:37: filiji nayo inatseguka m'njira. mazira 12 onse pansi. jamu wa mkaka uja, dulce de leche, mpaka kudenga

Papa Eliseo, 15:41: [uthenga wa mawu, 0:38] «Ndine mayi anu, ndalanda foni. Musawamvere chisoni awa, akudandaula pakamwa pokha, mumtima akusangalala ngati mwana wogulidwa njinga. Dzulo ndawapeza akuipukuta kalavaniyi ndi thaulo langa losambira. Ine ndili bwino, chifuwa chokha n'chomwe chikulira ngati muli kamphaka. Marilina, chimfine chamusiya Ciro? Umuveke masokosi, iwe umaiwala. Ndipo usamawakalipire bambo ako pagulu, akalamba. Uziwakalipira kumbali ngati mmene ndimachitira ine.»

Marilina, 15:43: mama kamphaka kameneko ndikukamva mpaka kuno. mawa kuli miyala yochuluka bwnj?

Papa Eliseo, 15:44: akuti makilomita 70 ndi kanthu, tisanafike tres lagos

Marilina, 15:44: ndiye mama akapuma chani

Fabián, 15:49: madala mverani. fumbi silolowera pawindo ayi. limalowera mu timabowo ta mpweya, tapansi pa chitseko, takuseri kwa filiji, ndi kachivindikiro ka padenga. anzanga a makalavani onse amamata ndi tepi yasiliva ija asanalowe m'miyala. mukaima mumachotsa

Papa Eliseo, 15:50: ehe. uyu ndiye mwana wanga

Marilina, 15:52: timabowoto sanatiikire kukongoletsa. muli gasi mmenemo

Papa Eliseo, 15:54: mwanawe gasi ndagwira naye ntchito iwe usanabadwe. ana a sitandade 4 ukawaphunzitse ku sukulu kwako konko

Marilina, 15:54: ok

Marilina, 15:55: ndangonena

Papa Eliseo, 17:48: [chithunzi]

Papa Eliseo, 17:48: mipukutu iwiri yatha. chitseko, filiji, denga, m'mphepete mwa mawindo monse. nyerere ikafuna kulowa ibwere ndi pasipoti

Fabián, 17:51: ntchito ya ukatswiri madala

LACHISANU

Papa Eliseo, 08:06: kwazizira zoopsa. madzi aundana mu paipi, tasukusula ndi a mu ketulo. chotsekera chimbudzi chauma gwa, musandifunse zambiri. magetsi a kumbuyo kwa kalavani akuyaka mbali imodzi, ndawamenya ndi dzanja ayaka

Papa Eliseo, 08:07: tikunyamuka. network idula mpaka tres lagos musadandaule

Marilina, 08:15: muyende bwino. mama agona bwnj?

Marilina, 08:31: papa?

Fabián, 09:02: alowa kale m'chipululu sisi. tiwamva masana

Papa Eliseo, 12:52: ana inu zavuta

Fabián, 12:53: mwafika tres lagos?

Papa Eliseo, 12:53: ndabwerera ku gregores

Papa Eliseo, 12:57: [uthenga wa mawu, 1:22] «Beringi ya tayala la kumanzere kwa kalavani yapsa. Ine sindinamve kanthu, pamiyala paja chilichonse chimalira. Wa thiraki wina ndiye wandiwalitsira magetsi kumbuyo, ndikuti akufuna kupitirira, ndikumutukwana ndithu. Kuyang'ana pa galasi, utsi tolo! Kutsika, tayala lapendekeka, chitsulo chatentha moti ungakazingirepo dzira, mazirawo akanakhalapo. Munthu anandigulitsa uja analumbira kuti anathira girisi. Girisi wake wa m'maloto. Tinali pa makilomita 95 kuchoka kuno, palibe nyumba, palibe mtengo, ma guanaco okha, nyama zakutchire za makosi aatali zija, akutiyang'ana ngati tawalakwira. Ndaiika pa jeke, ndaponderetsa miyala, kumasula pikapu kwanditengera theka la ola chifukwa cholumikiziracho chinakakamira. Ndanyamuka cha m'ma 11, ndathamanga, kufika pa shopu ya zitsulo ndapeza loko. Atseka hafu 12, apita kukagona masana. Atsegula hafu 4. Ndagogoda kunyumba kwa mwini shopu kuseri, wandiyankha ndi galu.»

Fabián, 12:59: eish. tauni yonse ili ndi shopu imodzi?

Papa Eliseo, 13:00: ziwiri. eni ake ndi pachibale, amagona nthawi imodzi

Fabián, 13:00: kkk nanga mama ali pafupi? apatseni foni

Papa Eliseo, 13:02: atsala ku kalavani

Fabián, 13:02: okha??

Papa Eliseo, 13:04: nanga ndikanatani. kalavani suisiya yokha pamseu, ukapeza atenga mabotolo a gasi, batire, matayala, kutsala chigoba. komanso chiuno chawo chakana, akuti miyala ija kupita ndi kubwerera sangathe. iwo eni ndi omwe anati pita ndikulondera nyumba yako

Papa Eliseo, 13:05: [chithunzi]

Papa Eliseo, 13:05: taona mfumukazi. ndajambula ndikutuluka. mabulangete atatu, fulasiki, tiyi wawo wa yerba, zoluka zawo

Fabián, 13:07: kkkk nanga njerwayo pa mbaula ikutani

Papa Eliseo, 13:09: nzeru za ku msasa izo mwanawe. hita ya kalavani yakana kuyaka. ndiye umayatsa mbaula ya gasi, n'kuika njerwa pamwamba, ikatentha chipinda chonse chimafunda. ndasiya mbali zonse ziwiri zikuyaka pang'onopang'ono. kunja kuja mphepo yake ikudula makutu

Fabián, 13:10: madala ndinu injiniya

Papa Eliseo, 13:12: amadandaula mutu ndikunyamuka. ndi mphepoyi, nanenso unandigwira m'mawa koma wasiya m'njira. ndawauza atseke chitseko agone, podzuka ndafika

Fabián, 13:13: ok idyani kaye inuyo

Papa Eliseo, 13:15: ndili pa filing'i siteshoni ya polowera m'tauni, ndaitanitsa nyama yokazinga ija, milanesa. yaikulu ngati chipewa. musawauze mayi anu, amandiletsa zokazinga

Marilina, 14:21: ndangotuluka m'kalasi. ndikuwerenga

Marilina, 14:23: papa

Marilina, 14:23: papa tepi ija munachotsa?

Marilina, 14:24: pa chithunzichi pansi pa chitseko ndikuona siliva

Marilina, 14:24: [foni yosayankhidwa]

Marilina, 14:25: [foni yosayankhidwa]

Marilina, 14:25: PAPA

Marilina, 14:26: fabi ulipo? kulitsa chithunzicho. yang'ana chitseko. yang'ana padenga. yang'ana motowo ndi wachikasu

Fabián, 14:28: ndikuona

Fabián, 14:28: ayi man. ayi

Marilina, 14:28: mbali ziwiri za mbaula zikuyaka m'kabokosi komatidwa paliponse kuyambira 11. mutu ukuwawa. iwe ukuti injiniya

Fabián, 14:29: ndikuwaimbira mama

Fabián, 14:30: siikulowa. kulibe network kuja

Marilina, 14:30: [foni yosayankhidwa]

Marilina, 14:31: papa sakuyankha. agona. ndikudziwa agona mu pikapu, akadya amagona

Fabián, 14:32: ndikusaka nambala ya filing'i siteshoniyo

Fabián, 14:37: ndawapeza. mayi wina wayankha, akuti pikapu yoyera ilipo, akupita kukagogoda

Papa Eliseo, 14:41: kwagwanji? munthu ndangotsinzina pang'ono mwanditumizira anthu ngati ndaba

Marilina, 14:41: tepi munachotsa musananyamuke?

Papa Eliseo, 14:42: ndichotse bwanji. tili m'mbali mwenimweni mwa mseu, thiraki iliyonse ikadutsa ikutikwirira. ukufuna mayi ako abanike ndi fumbi?

Marilina, 14:42: windo munasiya lotsegula? ngakhale pang'ono

Papa Eliseo, 14:43: ndinamata dzulo

Marilina, 14:43: papa moto ukuyaka mmenemo maola anayi. mpweya ukulowera pati

Marilina, 14:44: mutu wanu unasiya chifukwa munatuluka

Marilina, 14:45: papa mukuwerenga?

Papa Eliseo, 14:46: Mulungu wanga

Papa Eliseo, 14:46: ndikupita

Fabián, 14:46: mukafika tsegulani chitseko muwatulutse panja kaye. osayamba ndi kuzimitsa. panja kaye

Fabián, 14:47: madala mwamva?

Marilina, 14:55: ndaimbira apolisi ndi chipatala cha kumeneko. akufunsa malo enieni

Fabián, 14:55: 95 kuchoka m'tauni, kulowera tres lagos. kalavani yoyera ya mzere wobiriwira, ili pa jeke

Marilina, 15:01: ambulansi yanyamuka. akuti pamiyala paja ola ndi theka

Fabián, 15:02: papa afika msanga. akakwiya amathamanga

Marilina, 15:02: asagubuduke nayo pikapuyo

Fabián, 15:09: mwina atuluka sisi. mama sakhala malo amodzi. mwina apita kukataya madzi, chitseko n'kutseguka

Marilina, 15:10: ndi chiuno chija, pa mphepo ija

Fabián, 15:11: mwina gasi watha. botolo lija linali lakale

Marilina, 15:11: anadzadzitsa awiri lolemba. anatumiza chithunzi

Fabián, 15:14: mama sagona nthawi yaitali masana

Marilina, 15:14: amagona fabi. tsiku lililonse chibadwire chathu. tinkayenda monyang'ama m'nyumba

Fabián, 15:26: ine ndinati mukaima mumachotsa. ndinalemba. taona pamwambapa, dzulo 15:49

Marilina, 15:27: ndaona

Fabián, 15:27: ndinalemba sisi

Marilina, 15:28: ndati ndaona. ukufuna ndikupatse satifiketi?

Fabián, 15:40: [uthenga wa mawu, 0:41] «Chithunzi chija ndinachiona wani koloko, Mari. Wani koloko. Ndinali ndi foni m'manja, ndikudya, ndikuseka njerwa. Anandiuza za mutu, ine n'kuti idyani kaye. Ndikanangofunsa funso limodzi lomwe wafunsa iwelo, bwenzi pano atafika kalekale. Ndili ndi mantha, mlongo wanga. Ndalephera ngakhale kutsegula galimoto.»

Marilina, 15:43: nanenso dzulo ndinangoti ok. anandinyoza pang'ono ine n'kukwiya, n'kusiya. ndikanawaimbira mama kumbali

Marilina, 15:44: tisayambe izi pano. sitikudziwa kanthu

Fabián, 15:52: ndanyamuka. ndauza abwana pa geti

Marilina, 15:53: ndi maola 8 fabi

Fabián, 15:53: ndikhale ndikutani kuno

Marilina, 16:05: pano afika

Marilina, 16:05: ayenera kuti afika

Marilina, 16:19: [foni yosayankhidwa]

Marilina, 16:34: ndaimbiranso ku polisi. akuti wailesi ya galimoto yawo siikumveka kuchigwa kuja, ndidikire

Marilina, 16:35: ndamutenga ciro kwa oyang'anira ana. akungoseka. sindikutha kumuyang'ana

Fabián, 16:58: ndaima pothira mafuta. chilipo?

Marilina, 16:58: palibe

Marilina, 17:20: mama ngati foni yanu yagwira network muone izi. ingolembani chilembo chimodzi. chilichonse

Marilina, 17:41: ku chipatala akuti ambulansi ikubwerera. ndafunsa ali bwnj akuti adokotala andiimbira. ndafunsanso akuti adokotala andiimbira

Fabián, 17:44: ikubwerera ndiye kuti awatenga. ndiye kuti ali nawo. ndi zabwino zimenezo eti

Fabián, 17:46: sisi eti?

Papa Eliseo, 18:09: [uthenga wa mawu, 0:11] «Ndikuiona, ndikuiona, ili apo. Palibe munthu panja. Chitseko n'chotseka.»

Papa Eliseo, 18:09: [uthenga wa mawu, 0:26] «Nélida! Nélida, tsegula! Wakhoma mkati, ndinamuuza ndine kuti akhome. Nélida, ndine! Kiyi, kiyi ili kuti...»

Marilina, 18:10: fabi mauthenga awa ndi akale, akungolowa pano. agwira network

Marilina, 18:10: papa muli kuti

Papa Eliseo, 18:10: [uthenga wa mawu, 0:47] «Ndamutulutsa. Ndamugoneka pansi, ndamufunditsa jekete. Ndi wofunda, ana inu, ndi wofunda, masaya ake ali bwinobwino ofiira. Ndikumupopera mpweya mkamwa monga anatiphunzitsira ku ntchito. Dzuka mayi, taona ndabwera. Sindinagule n'komwe chitsulo chija, ndabwera. Kukubwera galimoto uko, ndikuona fumbi. Akubwera, Nélida, limba.»

Marilina, 18:11: [foni yosayankhidwa]

Marilina, 18:11: papa yankhani plz

Fabián, 18:12: ndaima pambali. madala tiuzeni

Marilina, 18:13: [foni yosayankhidwa]

Papa Eliseo, 18:16: andikweza galimoto ya apolisi. akuti ndisayendetse

Marilina, 18:16: mama?

Papa Eliseo, 18:18: ali mu ambulansi kutsogolo kwathu. tikulowa m'tauni

Marilina, 18:18: akupuma? alankhula?

Papa Eliseo, 18:21: ikuyenda pang'onopang'ono. njira yonse sanayatse sayirini

Papa Eliseo, 18:23: ndamufunsa wapolisiyu kuti bwanji sakuthamanga, mkazi wanga ali mmenemo

Papa Eliseo, 18:24: wavula chipewa

Marilina, 18:24: papa

Fabián, 18:25: [foni yosayankhidwa]

Fabián, 18:27: [foni yosayankhidwa]

Marilina, 18:31: papa musakhale nokha. muuzeni wapolisiyo akhale nanu mpaka fabi afike

Marilina, 18:40: papa tilipo